Tinamuikira Masamba Akadali Moyo

Chaka chimene ndinayamba geni ya mtedza, matipate anali atangobwera kumene, ndipo aliyense wokhala ndi sikelo ndi timatumba tingapo ankadzitcha wabizinesi. Inenso ndinali m'gulu lomwelo. Ndinali nditatopa ndi kugulitsa kaunjika mu Limbe, ndipo nditamva kuti kuchigawo chapakati mtedza ukungofumbwa m'nkhokwe, mtima unadumpha. Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, anali ndi kalole kakale kotsokomola utsi, ndiye tinapangana kuti iwo aziyendetsa, ine ndizigula. Tinanyamuka mwezi wa Meyi. Tinadutsa Ntcheu, Dedza, Lilongwe, tinakazungulira ku Kasungu, kenako n'kutsetserekera ku Mchinji kudzera m'misewu yafumbi, tikugona m'maresitihausi onunkha mankhwala a nsikidzi. Pamene tinkalowa m'dera la Mlonyeni, lole inali itatsala pang'ono kudzaza, ndipo ine ndi alamu tinali titatopetsana moti nkhani zinali zitatithera.

Kumeneko kuli kamalo kena ka malonda, kufupi ndi malire a Zambia. Dzina lake ndikulidziwa bwinobwino koma sindilitchula. Sindinakakhululukire mpaka lero, ndipo sindikuona chifukwa chokapatsira ulemu wolembedwa m'buku.

Tinafika m'mawa, dzuwa litangoyamba kutentha. Titangodutsa sitolo yomaliza, pamene msewu umayamba kulambalala esiteti ya fodya, gudumu la kumbuyo linagwera m'dzenje, tinangomva kuti khoo! lole n'kupendekeka. Alamu anatsika, anasuzumira pansi, anadzuka akupukusa mutu. Sipuling'i inali itathyoka. Anati popanda wowotcherera zitsulo sitisuntha.

Alamu anga anayendetsapo malole akuluakulu a ku Joni, ndipo sankalola munthu kuiwala zimenezo. Chilichonse ankachita, monga mwa mawu awo, potsata malamulo a pamsewu. Anasolola chikwanje kuseri kwa mpando, anakasadza nthambi za mtengo wa malaina, n'kuziyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa lole kuti galimoto ina isadzatiwombe. Pamsewu wa tala dalaivala amayala masamba kumbali yake yokha, ndipo aliyense amadziwa kuti kutsogolo kuli galimoto yowonongeka. Koma kamsewu aka kanali kopapatiza, nthambi imodzi yokha inkakwana kuchokera uku mpaka uko. Alamu anaika zambiri, zopingasa, zamasamba aawisi, anabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana ntchito yawo mokhutira. Pafupi pomwepo panali mzere wa timanyumba ta udzu ta matenanti, anthu olima fodya wa mwini esiteti. Panalibe munthu panja, ndipo ife sitinatiyang'ane kawiri.

Alamu analowa pansi pa lole ndi masipanala awo kuti amasule chitsulo chothyokacho. Ine ndinabwerera wapansi kukafuna wowotcherera.

Linali tsiku la msika. Malo onsewo ndi msewu umodzi basi: masitolo a malata adzimbiri mbali iyi, masitolo a malata adzimbiri mbali iyo, chigayo kumapeto. Fungo la fodya linali paliponse, pa zovala za anthu, pa tomato wa pamsika, ngakhale m'fumbi lenilenilo. Njinga zinkadutsa zitasenza mabelo okutidwa ndi ziguduli, zikulowera kunjira zachidule za ku Zambia, ndipo palibe amene ankazicheukira. Maso onse anasungira ine, munthu wamkazi wachilendo wovala nsapato za kanivasi, kachikwama m'chiuno. Pakhonde la golosale ina azibambo ankasewera bawo. Ndinagwada pang'ono n'kupereka moni monga ndinaleredwera, iwo anayankha osadzutsa mutu. Nditafunsa za wowotcherera, wina analoza kuchigayo ndi mlomo, kenako anauza anzake kuti, "Akummweratu awa." Enawo anaseka chapansipansi ngati ndatukwana.

Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti kumeneko munthu wa kummwera ali ndi dzina limodzi lokha: tenanti. Kaya wabwera ndi lole, kaya wavala bwanji, akangomva kalankhulidwe kako basi akudziwa kale. Fodya amene ankanunkha pamalo ponsepo, amene anamangitsa masitolo adzimbiriwo, ankalimidwa ndi manja a anthu a kwathu, koma eni manjawo ankaonedwa ngati udzu womera m'munda mwa eni.

Ndinalowa m'tiyirumu kuti ndinyowetse kukhosi. Mayi wa mmenemo, wonenepa, wovala chitenje cha chipani, anandiyeza ndi maso kuyambira kuduku mpaka kunsapato.

"Mwabwera kudzafuna malo ku esiteti? Inotu si nyengo yake," anatero.

"Ayi mayi, ndikugula mtedza."

"Oo, mavenda."

Pashelefu panali makapu agalasi ooneka bwino, koma iye anatambasula dzanja n'kutenga kapu ya pulasitiki imene inali payokha pawindo. Tiyi ndinamwa, chifukwa ludzu silidziwa manyazi, koma anandiwawa ngati mankhwala a malungo.

Wowotcherera ndinamupeza kuseri kwa chigayo, kumene ankakokera moto kuchokera ku injini. Anali bambo wamfupi, magalasi akuda atawakweza pachipumi, akuwotcherera ngolo ya ng'ombe. Ndinafotokoza vuto lathu mwaulemu wonse umene ndinali nawo. Sanasiye ntchito.

"Mawa," anatero. "Kapena mkuja. Ngolo za eni mudzi ziyambe."

Ndinamupempha, ndinamuuza kuti tachokera kutali, kuti katundu ali pamtunda. Iye anangotsitsa magalasi aja n'kupitiriza kuthethetsa moto. Ndikadali chiimire pomwepo, mtima ukuwira, mayi wina wobwera ndi dengu la chimanga anatula pansi n'kunena kuti, "Kumunsi kuja ayala masamba."

"Kwa ndani?" anafunsa wowotcherera.

"Kumzere wa matenanti. Ndi uja wotsokomola uja, watha ameneyo."

Injini ya chigayo inazimitsidwa. Kumidzi masamba akapingasa msewu ndiye kuti pagwa maliro, ndipo maliro akagwa ntchito imaima, ufune usafune. Azimayi pamsika anayamba kuphimba malonda awo ndi ziguduli akung'ung'udza. Wowotcherera anaponya chitsulo pansi.

"Wasankhiranji kufa tsiku la msika?" anatero.

Anthu anayamba kutsetsereka ndi msewu, ine ndinawatsatira chifukwa n'komwe kunali lole yathu. Ndinkadandaula za ine ndekha, kuti ndi malirowa wowotcherera sagwiranso ntchito mpaka ataika. Nditafika ndinapeza khamu lazungulira pamene tinaima. Azimayi a matenanti anali atakhala pansi panja pa kanyumba kena akulira. Azibambo anasonkhana pansi pa mtengo wa mango, pafupi kwenikweni ndi khoma la udzu la kanyumbako. Chitseko chinali chotseka. Miyendo ya alamu inkaoneka pansi pa lole, masipanala akulira ngwee ngwee.

Ndinayang'ana masamba. Ndinayang'ana kumtunda, ndinayang'ana kumunsi, kufuna masamba ena. Kunalibe. Masamba onse a pamsewupo anali a alamu anga.

Ndinanong'oneza mayi wina amene ankalira, kumufunsa ngati alipo walowa m'nyumbamo. Anati ayi. Mkazi wa bamboyo anali kutali kushedi yosankhira fodya, kugwira ntchito ya mwamuna wake, ndipo anali atatumiziridwa uthenga. Nanga ndi chifuwa chimenecho, zaka zimenezo pamene anthu ankangoti matenda a masiku ano, ndani akanafuna kukhala woyamba kutsegula chitseko? Aliyense anaona masamba, anakumbukira kuti mkatimo muli wodwala, n'kuganiza kuti mnzake walowa kale.

Ndinasendera kwa azibambo aja. "Pepani abambo, masambawa..."

"Mayi, pano pali azibambo akukambirana. Azimayi ali uko."

Anandidula motero anali mkulu wa adzukulu, okumba manda. Anali yemweyo wogulitsa nyama ya mbuzi pamsika, ndipo magazi anali asanaume bwino m'zala zake. Ndinayesanso kachiwiri, wina anandikankha ndi chigongono osandiyang'ana n'komwe. Ndiye ndinaima pamenepo n'kumva zonse.

"Ife kumanda kwathu malo a obwera kulibe," anatero mkulu wa adzukuluyo. "Munthu ameneyu munamuonapo pamaliro a ndani? Anagwirapo khasu kumanda kwathu?"

"Nanga akanagwira nthawi yanji, poti amakhala m'munda?" anayankha tenanti wina ndi mawu otsika, koma palibe anamumvera.

Mkulu wa adzukulu anapitiriza, "Mutengeni apite kwawo. Akapitawo, munthuyu ndi wanu."

Kapitawo wa paesitetipo anali bambo wamtali wovala jombo ndi chipewa chotambalala. Anatukula mapewa. "Abwana ali ku Lilongwe ku okushoni, thirakitala ili ndi ntchito. Kwawo n'kutali ameneyu, ku Phalombe. Esiteti siinyamula mitembo."

"Ndiye mutani naye?"

"Kuseri kwa zigafa kuli malo. Si paja tinaikako wina chaka chatha?"

"Bokosi?"

"Mphasa ilipo yomwe wagonerayo."

Anagwirizana zimenezo mosavuta ngati akukambirana kotaya zinyalala. Zigafa ndi mashedi a udzu oyanikamo fodya, ndipo kuseri kwake n'kumene amataya mapesi. Wina anafunsanso ngati n'kotheka kuika tsiku lomwelo kuti msika wa masana usafe. Zonsezi zinkanenedwa mokweza, pafupi ndi khoma la udzu limene ngakhale nkhuku ikanalowetsa mutu.

Kenako tinamva mfuwu kuchokera kumunda. Mkazi wake ankabwera akuthamanga, mwana akugwedezeka kumbuyo, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Ataona masamba anagwa pansi, anadzuka, anagwanso. Kulira kwake kunali kwa kwathu, ndinakuzindikira nthawi yomweyo, ndipo misozi inanditsika osafuna. Anakankha chitseko n'kulowa. Kulira kunapitirira pang'ono, kenako kunaduka.

Anatuluka atagwira chitseko ngati woledzera.

"Ali moyo," anatero. "Akupempha madzi."

Palibe anasuntha kukatunga madziwo. Azibambo anayang'anizana. Woyamba kupeza mawu anali mkulu wa adzukulu.

"Nanga masambawa wayala ndani?"

Apo m'pamene alamu anga anatuluka pansi pa lole, girisi mpaka m'makutu, chitsulo chothyoka chili m'manja. Kulira anakumva, koma ankaganiza kuti tangoima pamalo a tsoka, ndipo khamulo ankati labwera kudzaonerera lole.

"Ndine," anatero mosaopa. "Malamulo a pamsewu amenewo. Kodi pali vuto?"

Zimene zinatsatira sindizilakalakira munthu. Aliyense ankakuwa nthawi imodzi. Wina akuti taitana imfa pamudzi, wina akuti tawatseketsa msika, kapitawo akuti anthu ake asiya fodya pashedi chifukwa cha ife. Anyamata anakwera pamwamba pa lole n'kuyamba kubaya matumba ndi timitengo, akufunsa kuti muli chiyani mmenemu, mtedza wokhawokha kapena zina. Wina anamenya chitseko cha lole ndi chibonga. Alamu, munthu wa ku Joni uja, anafota ngati bonongwe wa dzulo. Mkulu wa adzukulu anawaloza chala pamphuno.

"Mwamulodza munthu wathu ali moyo. Akangofa lero, lole iyi siichoka pano. Inunso sindikudziwa ngati muchoke."

Munthu wathu! Mawu amenewo ndi amene anandiphulitsa. Ine pakamwa panga sipachedwa, amayi anga ankanena kuti padzandiphetsa.

"Munthu wanu kuyambira liti, abambo?" ndinakuwa. "Si inu nomwe posachedwapa mumakana mtembo wake? Si inu mumati akatayidwe kuseri kwa zigafa? Pano wasanduka m'bale wanu chifukwa mwapeza womukalipira?"

Dzanja lake linakwera m'mwamba. Alamu anandikoka chitenje kumbuyo akunong'ona kuti, "Alamu, chonde, mutiphetsa." Sindikudziwa kuti zikanatha bwanji. Koma wina anandigwira pamkono mofatsa, ndipo nditacheuka ndinaona kuti ndi mkazi uja.

"Achemwali," anatero, "akukuitanani. Amva kalankhulidwe kanu."

Ndinawerama n'kulowa. Mkatimo munali mdima wa masana, kuwala kukulowera m'mipata ya udzu. Katundu wawo yense akanakwana m'dengu limodzi. Bamboyo anagona pamphasa atafunda bulangete lothetheka. Sanali wamkulu, mwina tinali a msinkhu umodzi, koma thupi linali litatha, kwatsala maso okhaokha. Ndinagwada pambali pake.

"Ndinu a kuti, achemwali?" anafunsa. Mawu ankatuluka pang'onopang'ono.

"Ku Chiradzulu, achimwene. Koma ndimakhala mu Limbe."

"Ndinadziwa." Anapuma. "Ndamva zonse. Poyamba ndinafuna kukuwa kuti ndilipo, koma mawu anakana. Kenako ndinangoti, ayi, ndimvetsere. Si onse amamva za maliro awo."

Ndinayamba kupepesa za masamba aja, iye anagwedeza dzanja kundiletsa.

"Adalaivala anu andithandiza. Ndikanadziwa bwanji? Kuseri kwa zigafa, achemwali. Ine ndili ndi amayi. Ndili ndi alongo. Kwathu manda athu ayang'anizana ndi phiri la Michesi." Chifuwa chinamugwira, mkazi wake anamudzutsa pang'ono mpaka chinatsika. "Lole yanuyi ikupita kummwera?"

"Ikakonzedwa."

"Munditenge. Ndikafike ndikupuma. Zinazo zilibe kanthu."

Ndinanena zoti mwina tiyambe tapita naye kuchipatala. Anati anapitako kale, anamupatsa mapiritsi n'kumuuza kuti akapume kunyumba. "Nyumba yake iti?" anandifunsa.

Nditatuluka ndinakokera alamu pambali n'kuwauza. Maso anawatuluka.

"Alamu, mukudziwa zimene mukunena? Akatifera panjira? Marodibuloko onse aja tikafotokoza chiyani? Munthuyu sitikumudziwa ngakhale dzina."

"Akafera pano mwamva kumene akamuike. Ndipo mwamva zimene achite ndi lole yanu."

"Komabe..."

"Masamba munadula ndinu, alamu."

Anapukuta girisi m'manja ndi kansanza. Kenako anati, "Chabwino. Koma pamwamba pa matumba, kutsogolo sangathe kukhala."

Nditalengeza kukhamu kuti wodwalayo tikupita naye kwawo, kapitawo yekha ndi amene anatsutsa. Anauza mkaziyo kuti aganize bwino, chifukwa tenanti akachoka fodya asanagulitsidwe, thukuta la chaka chonse amalisiya pomwepo. Mayiyo anayang'ana kumunda nthawi yaitali. Anali atafesa, atawokera, atathyola, atasoka, atapachika, ndipo miyezi yomalizayi anagwira yekha ntchito ya anthu awiri.

"Fodyayo," anatero pomaliza, "mukamuike kuseri kwa zigafa kuja."

Tsopano mverani zimene zinachitika, chifukwa ndi zimene sindinakhululuke. Chipongwe cha m'tiyirumu ndikanaiwala, chibonga cha pachitseko ndikanaiwalanso. Koma atangomva kuti mtolo uja ukuchoka pamudzi pawo, anthu omwe aja anasanduka angelo. Wowotcherera wa mawa kapena mkuja analanda chitsulo m'manja mwa alamu, anachimanga panjinga n'kupalasa ngati akuthamangitsidwa. Injini ya chigayo inalira. Ngolo za eni mudzi zinaiwalika. Anyamata obaya matumba aja anatsitsa katundu yense kuti lole ipepuke, azibambo a bawo anabwera ndi zipika zochirikizira, mkulu wa adzukulu mwiniwake analowa pansi pa lole kukagwirira alamu sipanala. Wina anakoka masamba aja n'kuwataya kutchire. Mayi wa m'tiyirumu anabwera ndi mbatata yophika m'pepala, akuti ya panjira, akumwetulira ngati ndine mlamu wake. Chibadwire sindinaonepo galimoto ikukonzedwa mwachangu chotero.

Mbatatayo ndinalandira chifukwa cha mwana uja. Zikomo sindinanene.

Matumba atabwezedwa, tinasiya mpata pakati ngati chisa, tinayalamo mphasa ndi ziguduli. Itakwana nthawi yonyamula wodwalayo, manja onse aja anasowa. Wina anakumbukira mbuzi yake, wina malonda ake. Tinamunyamula ine, alamu, mkazi wake ndi matenanti awiri, ndipo sanali wolemera kuposa thumba la makaka. Tikunyamuka dzuwa litapendeka, matenanti okha ndi amene anaima pamsewu. Enawo anali atabwerera kale kumsika, ndipo wailesi ya pagolosale inali itayambanso kuimba.

Ulendo wobwerera tinayenda ngati tanyamula mazira. Alamu, amene masiku onse ankalowa m'maenje ngati akubwezera chipongwe, tsopano ankazemba ngakhale kamwala. Tinagona ku Lilongwe kwa mnzawo wina amene anatipatsa khonde, ndipo m'mawa mwake tinapitiriza. Tikaima paliponse ndinkatsika n'kukuwa kuti, "Kumwambako kuli bwanji?" Mkaziyo ankatukula dzanja, ine n'kupuma. Pamarodibuloko apolisi ankakwera kudzasuzumira, akaona maso aja ankatsika msanga n'kutikupiza dzanja kuti tizipita. Nthawi ina titaima ndinakuwa, dzanja silinatukuke. Ndinakwera matumbawo sindikudziwa bwanji, n'kupeza onse atatu agona tulo, mwana ali pakati.

Titadutsa ku Dedza tayala la kutsogolo linaphulika. Alamu anaimika lole pambali, anatsika, ndipo dzanja lawo linapita lokha kuseri kwa mpando. Anali atayamba kale kulowera kumtengo, chikwanje m'manja, pamene mawu anatsika kuchokera pamwamba pa matumba.

"Adalaivala! Chonde, masambawo ayi. Ndikadalipo."

Alamu anaima ngati aponda moto. Kenako tinamva kuseka, kuseka kwenikweni, mpaka chifuwa chinamugwira. Tonse tinaseka, ngakhale mkazi wake amene ndinali ndisanamuone mano. Alamu anabweza chikwanje. Mayiyo anatsika, anavula chitenje chofiira chimene anaberekera mwana, anandipatsa mwanayo, n'kukaima kumbuyo kwa lole akukupiza chitenjecho kwa galimoto iliyonse yobwera, mpaka tayala linasinthidwa. Malamulo a pamsewu a tsiku limenelo anali amenewo.

Pamphambano ya ku Balaka alamu sanandifunse. M'malo molunjika ku Limbe kukatsitsa mtedza, anakhotera msewu wa ku Liwonde ndi Zomba, kumene kuli chidule cha ku Phalombe. Kuyambira tsiku limenelo nkhani zawo za ku Joni ndimazimvetsera mpaka kumapeto.

Kupitirira Zomba msewu unali woipa, ndipo bamboyo anasiya kulankhula. Madzi ankangonyowetsa milomo. Mkazi wake anagogoda padenga la kutsogolo, tinaima, ndinakwera n'kukhala nawo kumwambako. Mpweya wake unkamveka ngati munthu akupala mphika. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndinkawadziwa, ena ndinangopeka. Sindinapemphe kuti achire, sindinali wopusa. Ndinkangoti, Ambuye, pang'ono pokha, mwamusunga kuchokera ku Mchinji, musamusiye pano.

Phiri litayamba kuoneka, mkaziyo anamudzutsa n'kumutsamiritsa pachifuwa pake. "Abambo ake, taonani." Anatsegula maso. Sanawatsekenso. Kuchokera pamenepo ndi iye amene ankalozera njira, ndi chala chimodzi, ine n'kumakuwira alamu kuti kumanja, kumanzere, pamtengo wa mbawa apo mukhote.

Tinalowa m'mudzi mwawo dzuwa likadalipo. Lole yachilendo m'mudzi imaitana anthu yokha. Mayi wina amene ankapeta pabwalo, mlongo wa bamboyo, anaona mlamu wake pamwamba pa matumba, anataya lichero n'kukuwa dzina la mlongo wake. Anthu anatulukira mbali zonse. Sanafunse kuti akudwala chiyani. Anakwera lole, analimbirana kumunyamula, wina mutu, wina miyendo, wina akungogwira bulangete kuti nayenso agwireko. Amayi ake, nkhalamba yaing'ono yoyendera ndodo, anamugwira nkhope ndi manja onse awiri akumukalipira kuti n'chifukwa chiyani anakhalitsa chotero. Anafuna kumulowetsa m'nyumba, iye anakana, anati amugoneke kaye panja. Anamuyalira mphasa pabwalo. Anatulutsa dzanja m'bulangete n'kuligoneka padothi, chikhatho pansi, n'kulisiya pomwepo.

Ife tinaima chapatali, osadziwa chochita ndi manja athu. Anatibweretsera mipando ndi madzi, m'makapu omwewo amene ankamwera eni ake. Patapita kanthawi mkazi uja anabwera kudzatiuza kuti akufuna adalaivala. Alamu anapita n'kugwada pambali pa mphasa, ine ndili kumbuyo kwawo.

"Adalaivala," anatero bamboyo, mawu ali ngati mphepo, "chikwanje chija chilipo?"

"Chilipo, achimwene."

"Tsopano mukhoza kudula."

Alamu anga, munthu amene sankasowa yankho, anavula kapusi yawo n'kuyang'ana pansi. Kenako anadzuka, anapita kuseri kwa lole, ndipo anakhala kumeneko nthawi yaitali.